Mbiri ya Pfumbi Losaoneka

M'midzi yambiri ya ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe akali kukumbuka munthu wobwera kucokera ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg, kumene anthu anali kungoti ku Joni. Anali kufika ndi bokosi la zobvala, mabulangete, kapena njinga. Abale ace nasonkhana kudzamlonjera, akazi naimba nthungululu. Koma zitapita zaka zingapo munthu yemweyo anali kuyamba kucita befu pokwera kacitunda kamene anali kukathamanga ali mnyamata. Khasu linali kumlemera, cifuwa cosatha cinali kumgoneka pa mphasa, ndipo potsiriza pace anali kumwalira asanakalambe. Ena anali kuti amlodza anzace a nsanje, ena anali kuti watenga cifuwa cacikulu. Oti cifuwa cacikulu anali kunena zoona kawiri kawiri, koma sanali kunena zonse. Pakuti m'mapapu a munthuyo munali kanthu kena kamene anabwera nako pamodzi ndi mabulangete aja.

Kanthuko ndi pfumbi. Si pfumbi la pa mseu limene munthu alikusa ndi dzanja, koma tinjere tocepa kwambiri kotero kuti tingathe kudzaza cipinda conse mpweya nuoneka woyera. Anthu ophunzira anatha zaka zoposa 100 alikufufuza cimene tinjere totere ticita tikafika m'kati mwa mapapu. Anayambira pa pfumbi la miyala ya m'migodi, ndipo njira yomweyo inawafikitsa pa tinjere ta zitsulo, tocepa koposa pfumbi la m'mgodi, timene mafakitale apanga dala. Mbali yaikulu ya nzeru imeneyi inatengedwa m'mapapu a anthu a ku migodi ya kumwera kwa Africa, ndipo cifukwa cace mbiriyi ikhudza omvera a m'maiko onse atatu.

Kuti pfumbi la m'migodi lipha anthu, akale anadziwa. M'caka ca 1556 linasindikizidwa buku la Georgius Agricola, dotolo wa ku Germany, lonena za nchito za m'migodi. M'menemo anafotokoza kuti m'migodi youma pfumbi lilowa m'mapapu ndi kuwadya, ndi kuti ku mapiri a Carpathian kunali akazi amene anakwatiwa ndi amuna 7 motsatana, onsewo atafa ndi nthenda ya m'cifuwa. Koma anthu a masiku amenewo anali kukumba ndi nyundo ndi zitsulo za m'manja, ndipo pfumbi lao linali locepa poyerekeza ndi limene linadza ndi makina.

Golidi anapezeka pa Witwatersrand m'caka ca 1886. Tsoka lace linali lakuti golidiyo ali m'thanthwe lodzala ndi mwala wolimba uja wa nsangalabwi, umene m'Cingerezi auchula quartz. Mwala umenewu ukaphwanyika utulutsa pfumbi la silica, ndipo nthenda yace ichedwa silicosis. Migodi itayamba kuzama, eni ace anabweretsa makina oboola thanthwe oyendetsedwa ndi mpweya wopanikizidwa, ndi dainamaiti yophulitsira. Makinawo anali kuboola pouma, popanda madzi, ndipo anchito anali kubwezedwa ku malo ophulitsidwa pfumbi lisanatsike. Ambiri mwa Azungu oyendetsa makinawo anali a ku Cornwall, ku England, anthu ozolowera migodi ya kwao. Nkhondo ya Maburu ndi Angerezi itabuka mu 1899 migodi inatsekedwa, iwo nabwerera kwao. Ndipo pamene inatsegulidwanso kunapezeka kuti ambiri a iwo anali m'manda, atafa asanafike ndi zaka 40.

Imfa za Azunguwo zinamveka, cifukwa maina ao anali olembedwa ndipo amasiye ao anali nako kokadandaula. Boma la Transvaal linaika bungwe lofufuza mu 1902, ndipo bungwelo linanena mu 1903 kuti mwini mlandu ndi pfumbi, J. S. Haldane atayeza anthu a ku Cornwall ananena zomwezo mu 1904. Malamulo anatsata pang'ono pang'ono: kuthira madzi poboola, kuphulitsa anchito atatuluka, kupopera mphepo pansi. Mu 1912 South Africa anakhazikitsa lamulo la cipukuta misozi kwa odwala, ndipo mu 1916 anatsegula nyumba yoyezeramo mapapu a anchito ku Johannesburg. Pambuyo pace nyumba ya nchito yomweyo inatsegulidwanso ku Kitwe, yoyeza anthu a m'migodi ya mkuwa.

Koma pa Mzungu mmodzi ali yense wa m'migodi ya golidi panali anthu akuda pafupi 9, ndipo mbiri yao inayenda njira yina. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu analicha Wenela, linali kuwatenga kutali, makamaka ku Mozambique ndi ku maiko a kumpoto. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ocokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, popeza anali kufa ndi cibayo mocititsa mantha. Koma m'zaka za m'ma 1930 ciletsoco cinacotsedwa, ndipo anthu a ku Nyasaland ndi a ku Barotseland anayamba kutsika kumwera ambiri-mbiri. Lamulo la cipukuta misozi linali kuwachula anthu akuda, koma ndalama zao zinali zocepa kwambiri poyerekeza ndi za Azungu. Mzungu anali kuunikidwa ndi X-ray ku nyumba yoyezera ija. Munthu wakuda kawiri kawiri anali kungoikidwa pa sikelo ndi kumvedwa m'cifuwa ndi dotolo wa pa mgodi, ndipo akaoneka kuti waonda anali kutumizidwa kwao. Pamenepo ndipo panali pobisalira nthendayi, pakuti silicosis sifulumira: munthu angathe kusiya nchito ali wamphamvu, nthenda nidzaonekera patapita zaka 10 kapena 20, iye ali kumudzi kumene kunalibe X-ray kapena buku lolembamo akufa.

Cotero pamene akatswiri a maiko ambiri anasonkhana ku Johannesburg mu August 1930, pa msonkhano woyamba wa maiko onse wokamba za silicosis, South Africa anatamidwa monga dziko lodziwa kucepetsa nthendayi. Koma mabuku amene anaonetsedwa pa msonkhanowo anali a anthu okhawo amene anawerengedwa. Mu 1997 madotolo amene anayeza amuna a ku Thamaga, m'dziko la Botswana, ogwirapo nchito m'migodi, anafalitsa zimene anapeza: oposa mmodzi mwa anai anali ndi zipsera za pfumbi m'mapapu. Amalawi a m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000 pofika 1973. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha Amalawi 74 obwerera kwao, ndipo Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu kwa zaka zingapo. Imfa ya tsiku limodzi inatseka njira imene imfa za mwakacetecete za zaka 40 sizinaitseke.

Ngakhale anthu sanawerengedwe bwino, pfumbi lokha linawerengedwa mosamala, ndipo pa nchito imeneyi Johannesburg anatsogolera maiko onse. Poyamba anali kuliyeza ndi sikelo: anali kukoka mpweya wa m'mgodi kupyolera m'cubu codzala ndi shuga, nasungunula shugayo m'madzi, nayeza kulemera kwa zotsala. Tsono mu 1913 John McCrae anatenga mapapu a anthu ofa ndi silicosis, nacotsa mnofu wonse ndi mankhwala, nayang'ana tinjere totsala pa maikulosikopu, ndico cipangizo ca magalasi cokulitsa tinthu tosaoneka. Muyeso wa tinthu totere ndi maikuloni. Munthu akatenga milimita imodzi pa rula ya mwana wa sukulu, naigawa m'magawo 1,000, gawo limodzi ndiyo maikuloni; tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupi maikuloni 70. McCrae anapeza kuti tinjere tambiri ta m'mapapu aja tinali tosafika ndi maikuloni imodzi. Apa sikelo inaoneka kuti inali kunyenga anthu, pakuti njere imodzi ya maikuloni 10 ilemera monga tinjere 1,000 ta maikuloni imodzi. Sikelo inali kumva njere zazikulu, tating'ono topha anthu tisakuoneka m'ciwerengero cace. Madzi naonso anali kugwetsa msanga njere zazikulu zooneka ndi maso, mpweya nuyera, anchito nayesa kuti zabwino, tating'ono tambiri tikali kuyandama. Cifukwa cace mu 1916 Robert Kotzé, mkulu wa boma woyang'anira migodi, anapanga kacipangizo kochedwa konimeter, kamene kanali kuwombetsa mpweya pang'ono pa galasi lopakidwa mafuta omata, kuti tinjere tiwerengedwe kamodzi kamodzi.

Cifukwa cace tinjere tating'ono ndito tipha cimveka munthu akaona m'mene mapapu anapangidwira. Njira ya mpweya ili ngati mtengo wozondoka: thunthu lace liyamba pa mmero, nilicita mphanda ziwiri, mphandazo nizigawikanso kambiri kufikira zikhala timphanda tosaoneka, ndipo pa nsonga zace pali timatumba ta mpweya mamiliyoni mazana angapo. Khoma la kathumba kali konse ndi lopyapyala, malo ena losafika ndi maikuloni imodzi, popeza ndi pamene mpweya wabwino uolokera m'mwazi. Njere zazikulu sizifika kumeneko. Zigwidwa ndi ubweya wa m'mphuno ndi mamina, kapena zimatirira pa makoma a njira, pamene titsitsi tating'ono tizikankhira kumwamba usana ndi usiku kufikira munthu azilabvula m'makhololo. Koma kanjere kocepera maikuloni 5 kayenda ndi mpweya monga utsi, nikafika m'timatumba muja, mmene mulibe titsitsi.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tamoyo tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. M'timatumba ta mpweya muli maselo a mtundu wina, oyendayenda, amene nchito yao ndiyo kusesa. Dzina lao ndi macrophage. Selo lotere likapeza kacirombo ka nthenda limakameza, nilikatsekera m'kacikwama ka m'kati mwace kokhala ndi asidi ndi madzi ogaya, nilikagaya. Mu 1966, ku London, Anthony Allison, wobadwira ku South Africa, pamodzi ndi anzace Harington ndi Birbeck, anadyetsa maselo otere pfumbi la silica ndi pfumbi la dayamondi, nawayang'anira. La dayamondi, ngakhale ndi lolimba koposa, linangokhala m'kati mwa selo losacita kanthu. La silica linaboola kacikwama kaja, madzi ogaya natayikira m'kati, selo niligayidwa ndi mankhwala ace omwe. Selo likafa kanjere katuluka kathunthu. Lina limakameza, nilifanso. Ndipo maselo akufawo aitana thupi kuti limange cipsera pamalopo. Cipsera ca pa mwendo sicibvuta munthu, koma ca m'mapapu sicitamuka ndipo sicipyoletsa mpweya. Ndiponso popeza maselo osesa omwewo ndiwo alimbana ndi kacirombo ka cifuwa cacikulu, munthu wa silicosis acitenga msanga, pafupi katatu koposa mnzace wopanda zipserazo.

Silica ndi cinthu copangika pamene silicon ilumikizana ndi oxygen, mbali ija ya mpweya imene icirikiza moyo ndi moto. Zitsulo nazo zilumikizana ndi oxygen, ndipo cotulukapo cichedwa oxide. Ali yense aidziwa oxide imodzi, ndiyo dzimbiri la pa khasu losiyidwa pa mvula. Yina ndi kuda kumene kugwira waya wa mkuwa akaochedwa pa moto. Yina ndi ufa woyera wa zinc oxide wa m'mafuta opaka makanda. Yinanso ndi titanium dioxide imene iyeretsa penti. Ma oxide a zitsulo ali ndi mbiri yao-yao m'mapapu, ndipo ndi iwo anaonetsa kuti kunsi kwa tinjere ta McCrae kuli tina tocepa koposa.

Ca m'ma 1830 Charles Thackrah, dotolo wa ku Leeds, analemba za nthenda yodabwitsa ya anthu osungunula brass, ndiye mkuwa wosanganiza ndi zinc. Munthu aweruka ali bwino, koma usiku ayamba kunjenjemera, thupi nilitentha, mafupa naphwanya, m'kamwa nimumveka citsulo; kukaca kapena mkuja wace wacira. Nthendayi ikonda kugwira Lolemba, cifukwa thupi lizolowera utsi m'kati mwa sabata, koma kuzolowerako kutha pa masiku opuma. Mu 1910 K. B. Lehmann wa ku Würzburg anatentha zinc m'cipinda, napuma utsi wace pamodzi ndi anzace, ndipo malungowo anawagwira. Cozizwitsa cinali cakuti ufa wa zinc oxide wokhalitsa, umene anchito ena anali kulongedza m'matumba tsiku lonse, sunali kubweretsa malungo otere kawiri kawiri. Utsi watsopano ndiwo unali kudwalitsa. Mankhwala anali amodzimodzi, kusiyana kunali pa kukula kwa tinjere. Nthunzi ya citsulo ikazizira mu mpweya ipanga tinjere timene maikulosikopu ya magalasi singathe kutiona. Tinaoneka pokhapo itafalikira maikulosikopu ya mtundu watsopano, yoonera ndi ma electron, imene Ernst Ruska ndi Max Knoll anayamba kupanga ku Berlin mu 1931. Muyeso wace ndi nanomita: maikuloni ija igawidwenso m'magawo 1,000, gawo limodzi ndiyo nanomita. Tinjere tosapitirira nanomita 100 ndito tichedwa nanoparticles.

Kwa zaka zambiri titanium dioxide inali kuyesedwa pfumbi lofatsa, kotero kuti ofufuza anali kuigwiritsa nchito monga cofanizira: akafuna kuonetsa kuipa kwa silica, makoswe ena anali kupatsidwa silica, ena titanium dioxide, kuti kusiyana kuoneke. Mbiri yabwino imeneyi inagwedezeka ku University of Rochester, ku America, pakati pa 1990 ndi 1994. Günter Oberdörster ndi Juraj Ferin anapumitsa makoswe titanium dioxide ya mitundu iwiri kwa masabata 12, yina ya tinjere ta nanomita 250, yina ya tinjere ta nanomita 20, kulemera kwa pfumbi mu mpweya kuli kofanana. Makoswe a tinjere tating'ono anatupa mapapu kwambiri koposa anzao. Tinjereto tinali kuzemba maselo osesa, nitilowa m'khoma lenileni la timatumba. Ndipo kuti theka la pfumbi licoke m'mapapu panapita masiku 501, pamene kwa tinjere tokulirapo panapita masiku 174.

Cifukwa cace acidziwa mkazi ali yense wosonkha moto. Cipika ca nkhuni cicedwa kuyaka, koma cikawazidwa tizidutswa moto ugwira msanga, cinkana nkhuni ndi yomweyo, popeza mbali zokomana ndi mpweya zaculuka. Kanjere ka nanomita 250 kakaphwanyidwa kukhala ta nanomita 20, titulukamo pafupi 2,000, ndipo khungu la tonseto pamodzi liposa la kanjere koyamba kaja ka 12. Selo likomana ndi khungu la kanjere, osati m'kati mwace. Ofufuza a ku Rochester atayerekeza kutupa kwa mapapu ndi kukula kwa khungu la tinjere, m'malo mwa kulemera kwace, mitundu iwiri ija inagwirizana bwino. Motero sikelo inapezeka yonyenga kaciwiri, patapita zaka pafupi 80 cicokere pa McCrae. Mu 1995 ofufuza a ku Hannover anapeza zotupa za khansa m'makoswe opuma titanium dioxide yosalala kwambiri kwa zaka ziwiri, ndipo mu 2006 bungwe la IARC, la ku Lyon, loona za khansa, linaiika m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa mwa anthu. Mau akuti mwina ayenera kusungidwa, pakuti kufufuza kwa anthu ogwira nchito m'mafakitale a titanium dioxide ku Europe ndi ku America sikunaonetse poyera kuti khansa ya m'mapapu iculuka mwa iwo. Komabe mu 2011 bungwe la NIOSH la ku America linalangiza malire awiri osiyana a pfumbi limodzimodzi: mamiligalamu 2.4 mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse kwa tinjere tokulirapo, ndi 0.3 okha kwa tating'ono.

Khoswe si munthu, ndipo anthu sangapumitsidwe poizoni dala. Cotero ofufuza ambiri ayesa tinjereti pa maselo a mapapu a munthu okulira m'timbale ta m'nyumba zofufuziramo. Ochuka mwa maselo otere achedwa A549. Anatengedwa mu 1972 m'cotupa ca khansa ya m'mapapu ca mwamuna wa zaka 58 ku America, ndipo agawikana-gawikana cicokere nthawi imeneyo, natumizidwa ku maiko onse. Mu 2008 Hanna Karlsson, Lennart Möller ndi anzao a ku Karolinska Institutet, mu mzinda wa Stockholm, anathira pa maselo amenewa ma nanoparticles a zitsulo zosiyana-siyana, nadikira maora 18. A iron oxide, abale a dzimbiri, sanacite coipa ceni ceni. A titanium dioxide sanaphe maselo, koma anadula DNA, ulusi uja wa m'kati mwa selo wosunga malangizo a cibadwa. A zinc oxide anapha maselo ena ndi kudula DNA. Koma a copper oxide anaposa onse: pa muyeso waukulu anapha pafupi maselo onse a m'kambale. Caka cotsatira anthu omwewo anaonetsa kuti copper oxide ya tinjere ta nanomita ndi yaululu kwambiri koposa ya tinjere ta maikuloni, koma kuti pa iron oxide kukula kwa tinjere sikunasinthe zambiri. Kucepa pa kokha si ululu. Kucepa kungotsegula njira, ndipo cocitika m'kati citsata mtundu wa citsuloco.

Cinthu cimodzi cinadabwitsa: mkuwa womwewo wosungunuka kale m'madzi sunaphe maselo monga tinjere tinawaphera. Thupi lifuna mkuwa pang'ono kuti likhale ndi moyo, ndipo selo liri ndi zipata zoyeza mkuwa wosungunuka umene ulowa. Kanjere sikadzera pa zipatazo. Selo limakameza kathunthu, nilikatsekera m'kacikwama ka asidi kaja. Asidi asungunula kanjere, ndipo mkuwa wambiri umasuka nthawi imodzi m'kati mwa selo. Nankafumbwe acita comweco: mlimi amata nkhokwe bwino lomwe, koma kacirombo kalowa kali m'kati mwa cimanga cimene iye mwini wanyamula. Mkuwa womasukawo usandutsa oxygen kukhala mankhwala aukali amene aocha mafuta a khungu la selo, naononga tizipinda topangamo mphamvu, nadula DNA. Andre Nel ndi anzace a ku Los Angeles anaonetsa mu 2008 kuti zinc oxide nayo ipweteka maselo a m'njira za mpweya cifukwa ca kusungunuka kwace, pamene cerium oxide, ya tinjere tating'ono comweco, inachinjiriza maselo ku mankhwala aukali aja. Caka comweco magulu angapo a ofufuza anapeza kuti m'kati mwa maselo osesa msampha wochedwa NLRP3 ufwamphuka kacikwama kakaboka, nuitana kutupa. Ndiko kufotokoza kwa cimene Allison anaona mu 1966.

Omvera a ku Copperbelt asafulumire kuganiza kuti cimene cinacitika m'kambale ca ku Stockholm ndico cicitika m'cifuwa ca munthu ali yense wogwira mkuwa. Maselo a A549 ndi a khansa. M'kambale mulibe titsitsi kapena maselo osesa, ndipo muyeso wothiridwamo kawiri kawiri uposa umene munthu angapume pa nchito. Umboni wolemera koposa ndi wa anthu amoyo. Mu 2018, ku Bochum m'dziko la Germany, anthu 16 odzipereka okha anapuma ma nanoparticles a zinc oxide kwa maora 4. Pa miligalamu imodzi kapena awiri mu mpweya wa bokosi lija, mwazi wao unaonetsa zizindikiro za kutupa, ndipo ena anamva malungo, ngakhale muyesowo unali wocepera mamiligalamu 5 amene lamulo la ku America linali kulola. Mu 2017 IARC inaika utsi wa kuocherera zitsulo m'gulu loyamba, la zinthu zodziwika ndithu kuti ziyambitsa khansa ya m'mapapu, gulu lomwelo limene silica inalowamo mu 1997. Utsi umenewo ndi ma oxide a citsulo, manganese, ndi zinc ngati cooceredwaco ndi paipi kapena lata lokutidwa zinc. Mmisiri wa m'mbali mwa mseu wopanga mafelemu a zitseko abvala magalasi akuda, cifukwa kuwala kupweteka maso tsiku lomwelo. Mphuno aisiya pamtunda, nkhope ili m'kati mwa utsi.

Pamene ofufuza anali kutsikira ku nanomita, mlandu wa anthu amene mapapu ao anapereka maphunziro oyamba unali cikhalire wosaweruzidwa. Thembekile Mankayi, wa ku Eastern Cape, anagwira nchito pansi pa mgodi wa golidi kuyambira 1979 kufikira 1995, nadwala silicosis ndi cifuwa cacikulu, napatsidwa R16,320. Anasumira kampani ya AngloGold Ashanti. Ndipo pa 3 March 2011 bwalo lalikulu la malamulo a dziko la South Africa linagamula kuti wanchito wa m'mgodi ali nao ufulu wakusumira mwini mgodi. Mankayi anali atamwalira masiku ocepa cigamuloco cisanawerengedwe. Mlandu wace unatsegula khomo la mlandu wa anthu ambiri pamodzi, umene bwalo la ku Johannesburg linaulola mu May 2016. Makampani 6 a golidi anabvomera mu 2018 kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni, bwalo nilitsimikiza panganolo mu July 2019, ndipo mu 2020 bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lifune odwala ndi amasiye m'maiko onse ocokerako anchito, Malawi ali m'gulumo. Panganolo liwerenga anthu okhawo amene anagwira nchito ya m'pfumbi m'migodi yochulidwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019. Munthu amene anatsika ndi Wenela m'zaka za m'ma 1950, nabwerera kumudzi ndi bokosi lace tsiku loyambalo lisanafike, mulibe m'ciwerengeroco.